A Mbaula ndi Uta wa Achimwene

A Mbaula anagwira ntchito kubekale zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo ntchito yawo inali imodzi: kuima pakhomo pa uvuni n'kumayang'ana buledi. Sankakanda fulawa, sankagulitsa, sankanyamula mathireyi. Ankangosuzumira, n'kunena kuti "tulutsani" kapena "dikirani kaye". Anzawo ankati munthu ameneyu amalipidwa chifukwa chokhala ndi maso. Kenaka eni bekale anagula uvuni wamagetsi wokhala ndi belu lolira lokha buledi akapsa, ndipo a Mbaula anapatsidwa wotchi yapakhoma, kugwidwa chanza, n'kuuzidwa kuti akapume. Kupuma sanapume. Anafika kunyumba ndi maso awo aja opanda choyang'ana, n'kuyamba kulondera miphika ya akazi awo. Patatha sabata zitatu mayiwo anawauza mosapita m'mbali kuti apeze chochita kunja, apo ayi mmodzi mwa awiriwo akagona kupolisi.

Chochitacho chinachokera kwa achimwene awo, a Butchala, amene anali akulu kwa iwo ndi zaka zinayi ndipo sankalola kuti zaka zinayizo ziiwalike. A Butchala anali chimunthu chamikono ikuluikulu, chonyamula mwendo wa ng'ombe ndi dzanja limodzi kwinaku chikutsutsana ndi kasitomala za mpira. Ndi iwo anawapezera ang'ono awo ntchito kubekale, ndi iwo anawauza kuti mtsikana amene akumuzengereza uja amukwatire msanga asanazindikire, ndipo pa moyo wawo wonse anali asanawayamikepo pa kanthu. Loweruka lililonse masana ankatseka butchala msanga n'kupita kuseri kwa nyumba yakale yosungiramo katundu, kumene madoda asanu ndi atatu ankakumana n'kumalasa thumba la utuchi ndi mivi. Sankasaka nyama, sankakonzekera nkhondo. Ankangolasa thumba, n'kumakangana za amene walasa pakati mpaka dzuwa kupendeka. Akazi awo ankati bola zimenezo kusiyana ndi mowa, osadziwa kuti mowawo unkafikanso komweko m'chikwama cha a Dikoni, mmodzi mwa madodawo.

"Iwe," anatero a Butchala tsiku lina, "poti tsopano ndiwe lova, undisemere uta. Wangawu watopa."

Mauta asanu oyamba anathyoka. Wachisanu ndi chimodzi sunathyoke, koma patatha mwezi unapindika n'kukhala chipindikire ngati nkhalamba yofunafuna singano pansi. Apa m'pamene mmisiri wina wa matabwa anawauza kuti mtengo wa uta umawambidwa pamoto kuti ulimbe. Munthu wa kubekale uja atangomva mawu akuti moto, anatsitsimuka. Anagula mbaula ziwiri, kumanga kashedi ka malata kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kutha makala ochuluka kuposa khitchini. Dzina lawo lenileni linathera pamenepo. Ngakhale adzukulu awo amangoti agogo a Mbaula.

Uta uli ndi mimba ndi msana. Mimba ndi mbali imene imayang'ana iwe wokoka, msana ndi mbali imene imayang'ana thumba. Moto ndi wa mimba yokha. Ukawamba mimba bwino, mtengo umalimba, uta sutopa msanga, ndipo muvi umachoka molusa. Koma ukawaula msana ngakhale pang'ono, utawo umakusungira mpaka tsiku limene pali anthu, n'kukuthyokera kumaso. A Dikoni anayesapo kuwamba wawo pachitofu cha akazi awo, kutembenuza mbali zonse ziwiri ngati nyama, ndipo mpaka lero akamaimba kutchalitchi mawu ena amatulukira pamene panali dzino.

A Mbaula ankagoneka uta pathabwa lokhota pang'ono, msana kuthabwa, n'kuupana ndi zitsulo zisanu ndi chimodzi. Kenaka ankatembenuza thabwalo n'kulisanjika panjerwa, mimba ikuyang'ana makala, kutalikirana chikhatho chimodzi ndi zala ziwiri. Makala ankafuna ofiira, opanda lawi, opanda utsi. Ndiye ankakhala pakampando kawo ka miyendo itatu n'kumasuntha mbaula pang'onopang'ono, mphuno ili patsogolo. Poyamba mtengo umanunkha chinyezi. Kenaka umayamba kununkhira ngati buledi amene watsala pang'ono, ndipo pakati pa fungo limenelo ndi fungo la kupserera pali kanthawi kochepa kuposa kuyetsemula. Kanthawi kameneko a Mbaula ankakadziwa kuposa munthu aliyense. Belu lamagetsi silingakadziwe, ndipo aliyense wolowa m'shedimo, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi, ankatuluka atauzidwa zimenezi.

Ukachoka pamoto, uta umagona masiku asanu osakhudzidwa, kuti mtengo umwenso chinyezi. Akatha masikuwo ankaukunga, n'kukoka nsinga yake ndi sikelo yambedza imene a Butchala anawapatsa itakalamba n'kusiya kukondera mwini wake. Sikeloyo inkanena makilo amene munthu ayenera kukoka. Moto umawonjezera mphamvu: uta wa makilo makumi awiri ndi asanu umatha kutuluka wa makumi atatu, ndipo a Butchala ankakoka makumi atatuwo mpaka kukhutu akuyasamula. A Mbaula eni ake kulasa sankatha. Muvi wawo unkapita kulikonse kupatula kuthumba, ndipo ikafika nthawi yawo madoda ankakaima kumbuyo kwawo mwaulemu.

Zaka khumi ndi ziwiri anapanga mauta, ndipo palibe ndi umodzi womwe unatuluka m'shedimo uli woyera. Kwa iwo uta woyera unali buledi wosapsa, chinthu chochititsa manyazi banja lonse. Pa zina zonse anali munthu wofatsa. Anthu ankawapitirira pamzere kuchipatala iwo n'kupepesa, malaya ankawasankhira ndi akazi awo, ndipo kumisonkhano ya mpingo ankavomera mbali zonse ziwiri. Koma pa nkhani ya kufiira kwa mtengo anali ndi matama osapiririka. Ankatha kudutsa pakhomo pa eni, kuima, n'kunena kuti chitseko chawocho chikanakongola akanachionetsa moto.

Sitiroko inawapeza a Butchala Lachiwiri m'mawa, chikwanje cha nyama chili m'manja. Anakhala ndi moyo, koma mbali yakumanja inatsalira. Pakamwa panapotoka pang'ono, mwendo ankaukhwekhwereza, ndipo mkono uja wonyamula ng'ombe unkangogona pamiyendo ngati wobwereka. Dokotala anawapatsa kampira kofinya ndi pepala la masewera olimbitsa mkono. Kampirako anaponyera galu, pepalalo anapinda n'kuchirikizira mwendo wa tebulo. Miyezi isanu ndi itatu anakhala pampando wapakhonde akuyang'ana geti. Madoda a Loweruka ankabwera, kuwapempherera, kuwanamiza kuti akuoneka bwino, n'kupita kukalasa thumba popanda iwo.

Tsiku lina a Mbaula akuwameta ndevu pakhondepo, a Butchala analankhula osawayang'ana.

"Mauta ako onse aja anali achabechabe."

"Inde, achimwene."

"Ndinkapambana chifukwa cha mkono wanga, osati mitengo yako."

"Zoona."

"Ukadzasema wina, udzabwere nawo. Ndidzaone ngati waphunzira."

Aka kanali koyamba chidwalireni kuti a Butchala afune kanthu. Akazi awo anali akumvera pawindo la kukhitchini, ndipo a Mbaula akutsanzika anawaperekeza mpaka pageti, n'kuwagwira mkono wa malaya.

"Alamu, mwamva nokha. Koma ndikuuzeni zoona zake: ketulo yodzaza satha kuinyamula. Musapangire munthu amene mukumukumbukira uja, mupangire amene ali pampandoyo. Akakoka n'kulephera, sadzayesanso chilichonse. Ndimawadziwa ine. Adzafera pampando pomwepo ine ndikuyang'ana."

A Mbaula anati amva. Ndipo anamvadi, chifukwa njira yonse yobwerera kwawo anayenda osayang'ana chitseko cha munthu.

Kudenga la shedi kunali chibenthu cha mtengo wa mabulosi chimene chinauma zaka zitatu, chowongoka, chopanda mfundo, chimene ankachisungira tsiku lalikulu losadziwika. Anachitsitsa. Sabata ziwiri anasema, kupala, kukunga, kuima patali n'kuyang'ana mmene ukupindikira, kupalanso, mpaka sikelo inanena makilo khumi. Uta wa makilo khumi ndi wa mwana wasukulu. Unali wopyapyala, wopepuka, wopindika mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo unali woyera mbee.

"Watha?" anafunsa akazi awo ataima pakhomo pa shedi.

"Watha."

"Ndiye kaperekeni."

"Mawa."

Mawa linafika n'kudutsa, mkuja nayenso. Uta unali pamsomali, a Mbaula akuuzungulira. Ankaona m'maganizo madoda a Loweruka akuupatsirana n'kumafunsa kuti wapanga ndani chinthu choterechi. Ankadziuzanso kuti kupatsa butchala uta woyera n'chimodzimodzi kumuuza kuti watha ntchito. Ganizo lachiwirili analikonda kwambiri, chifukwa linkamveka ngati chikondi. Zoona zake n'zakuti manja ankawayabwa.

"Ndingoudutsitsa pamoto pang'ono," anauza akazi awo Lachinayi m'mawa. "Kungoupatsa mtundu."

"Si paja mumati moto umawonjezera mphamvu?"

"Kilo imodzi. Zikachuluka ziwiri."

"Mayi aja anakuuzani chiyani pageti?"

"Kodi ine ndimakuuzani za mchere wa mumphika mwanu?"

"Munkandiuza. N'chifukwa chake muli kuno."

Pang'ono pa a Mbaula panatenga ola ndi theka. Makala tsikulo anali abwino, mphepo kunalibe, ndipo mtengo wa mabulosi unalandira moto ngati kuti unkaudikirira zaka zitatu zonsezo. Mtundu unabwera wosalala kuchokera pogwirira mpaka kunsonga, wofiirira mwakuya, wopanda banga ndi limodzi lomwe. M'zaka khumi ndi ziwiri anali asanawambepo chotere. Anakhala pakampando akuuyang'ana mpaka makala kuzima, mtima uli mbee, ataiwaliratu kuti utawo unali ndi mwini wake.

Atatha masiku asanu anaukunga, ndipo pokunga pomwepo bondo limene ankaupindira linawauza kuti walimba kwambiri. Sikelo inali pamsomali wake, pafupi ndi phewa lawo. Kwa nthawi yoyamba sanaitenge. Anapaka uta phula, kuukulunga m'chinsalu, n'kuuza akazi awo kuti avale azipita.

Anafika masana. Alamu awo, akazi a a Butchala, anali atapachika thumba la nsanza pamtengo wa mapeyala, mapazi makumi awiri kuchokera pakhonde, ndipo sanaitane madoda a Loweruka. A Butchala anali atavala malaya ositidwa ndi nsapato zopukutidwa, zimene anali asanazivale chichokereni kuchipatala. A Mbaula anayang'ana nsapatozo, n'kuika uta wokulungawo pamiyendo ya achimwene awo.

A Butchala anamasula chinsalu ndi dzanja lamanzere. Anayendetsa chala chachikulu pamimba pa uta kuchokera pakati mpaka kunsonga, n'kuunyamula kuununkhiza.

"Chitsiru iwe," anatero motsitsa mawu, "waphunzira."

Mawu amenewo a Mbaula anawadikirira zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo atafika sanawamve kukoma.

Alamu anaimiritsa amuna awo, n'kuwatsamiritsa chiuno pamzati wa khonde. A Mbaula anawaikira muvi, n'kuwakoleka zala zitatu pansinga chimodzichimodzi. A Butchala anakoka mpweya, n'kukoka nsinga. Inasuntha kutalika kwa chikhatho, n'kuima. Mkono unayamba kunjenjemera, mitsempha ya m'khosi inatuluka, malovu anatsika kumbali yopotoka ija. Anapumira, n'kuyesanso. Ulendo wachitatu zala zinatseguka zokha, muvi n'kugwera pansapato.

Galu anabwera, kununkhiza muviwo, n'kubwerera pamthunzi.

"Ngwabwino," anatero a Butchala akupereka utawo. "Ukawapatse a Dikoni. Mayi, ndilowetseni m'nyumba, kunja kuno kwazizira."

Kunali dzuwa loswa mtengo. A Mbaula anagwidwa ndi manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire, pamodzi ndi mantha. Anaona poyera kuti achimwene awo akalowa pakhomo limenelo, nsapatozo sizidzavalidwanso mpaka tsiku la bokosi.

"Achimwene, khalani pansi. Si mkono wanu. Utawu unali wa makilo khumi, ine n'kuuwamba. Panopa mwina uli khumi ndi asanu, mwina kuposa. Sindinauyeze."

"Chifukwa?"

"Ndinaopa."

"Unaopa sikelo yanga?"

"Inde."

"Zaka makumi atatu ankaiopa ndi makasitomala, lero wayamba iwe."

Koma anakhala pansi. Akazi a a Mbaula anapinda manja pachifuwa.

"Alamu, muli ndi botolo lagalasi lopanda kanthu?"

Alamu anabweretsa la mankhwala a chifuwa. A Mbaula analiswa pamwala wa pakhonde, kusankha chidutswa chakuthwa bwino, kumasula nsinga, n'kugoneka uta pamiyendo. Poyamba anachita zaukathyali. Ankapala m'mphepete mokha, kuuchepetsa m'mbali, kuti mimba yawo yokongola ija ipulumuke. Anapala, kukunga, n'kupereka. A Butchala anaima, kukoka: chikhatho chimodzi ndi theka.

"Mukuupala kapena mukuusisita?" anafunsa akazi a a Mbaula.

Ndiye anatembenuza uta, mimba kumwamba. Anaika galasi pafupi ndi pogwirira, pamene mtundu unakoma kwambiri, n'kukoka. Kachidutswa kofiirira kanapotana n'kugwera pansi, pamalopo n'kutsala mzere woyera. Anapala ka makumi awiri mbali yam'mwamba, ka makumi awiri mbali yam'munsi, akuwerenga chamumtima kuti uta usapendeke. Kumapweteka, ndipo sanabise kuti kukupweteka: ulendo uliwonse galasi likatsika ankaluma mlomo ngati akupala mwendo wawo.

"Ukuwononga," anatero a Butchala.

"Ndi wanga."

"Unandipatsa."

"Munaubweza."

Masana amenewo anakunga ndi kumasula kasanu ndi kawiri. Ulendo uliwonse a Butchala ankadzuka, kutsamira mzati, kukoka, n'kukhalanso. Ulendo wachinayi anadzuka okha alamu asanafike, ndipo palibe anaonetsa kuti waona. Wachisanu anali atayamba kulamula.

"Mbali yam'munsiyo yaumabe. Maso uli nawo, kapena unawasiya kubekale?"

"Ndaiona, achimwene."

"Ukanaiona bwenzi ndikunena?"

Alamu anabweretsa tiyi, tiyiyo anazizira patebulo. Thalauza la a Mbaula linadzaza zinyenyeswa, zoyamba zofiirira, zotsatira zotuwa, zomaliza zoyera. Galasi linawacheka chala, anachiyamwa n'kupitiriza. Uta unatsala wamawangamawanga, woyera pakati, timizere takuda m'mbali, ndi kadontho ka magazi pafupi ndi nsonga. Unali wonyansa kuposa uta uliwonse umene a Mbaula anauonapo, kuwerengera ndi wa a Dikoni.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri nsinga inadutsa chigongono, inadutsa phewa, n'kufika pachibwano. Mkono unkanjenjemera, koma zala zinagwira. A Butchala anatsinzina diso limodzi, n'kusiya. Muvi unapita mwaulesi, unaphonya thumba, unaphonya mtengo wa mapeyala, n'kukalasa nsalu yapabedi imene alamu anayanika pachingwe, n'kulendewera pomwepo.

"Nsalu yanga yatsopano," anatero alamu, n'kukhala pansi pasitepe.

A Butchala anaimabe chomwecho, uta uli m'mwamba, chifuwa chikukwera n'kutsika. Kumaso kwawo kunali kutanyowa, ndipo chopukutira analibe. Dzanja lamanja linali litatha mphamvu, lamanzere linali ndi uta ndipo silinkafuna kuusiya.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero. "Katenge muviwo. Wamng'ono ndiwe."

A Mbaula anadzuka, kusasa thalauza, n'kulunjika kuchingwe. Sipanali patali, koma anayenda pang'onopang'ono, ndipo muviwo anachedwa nawo kuuzula, atafulatira khonde, akuwongola ulusi wa nsalu umene sunkafunika kuwongola. Anaimabe pomwepo mpaka atamva kumbuyo achimwene awo akumina mwamphamvu, kenaka akufunsa kuti mivi ina wabwera nayo ingati.